Kulakwitsa kopanda maliro: magalasi a VR ndi anamwino a kunyanja

Tengani kabotolo ka gentamicin, mankhwala obaya amene amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse m'dziko muno. Ndi kakang'ono kosafika chala cha mkombaphala, ndipo pakapepala kake palembedwa kuti muli mamiligalamu 80 m'mamililita 2. Ndiyeno yerekezani kuti ndi usiku wa mu Febuluwale, mvula ikukhuthuka ku Chintheche, ndipo mzamba walandira khanda la makilogalamu 2 limene latentha thupi n'kusiya kuyamwa. Malangizo a bungwe la World Health Organization amati khanda lobadwa lochepa thupi chotere, likakhala m'sabata yake yoyamba, lilandire mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, kamodzi patsiku. Onse pamodzi ndi mamiligalamu 6, amene mu sirinji ndi mamililita 0.15, kadontho kosafika n'komwe pa kamzere koyamba ka sirinji ya mamililita 5. Palinso kadontho kena, kaja kolembedwa pakati pa manambala. Kameneko kakangosuntha malo amodzi m'mutu mwa munthu wotopa, 0.15 yasanduka 1.5, khanda labayidwa mlingo wa makanda khumi. Zolipira ndi impso ndi makutu ake, ndipo mwina mwanayo adzakula wosamva popanda wodziwa pamene panayambira vuto. Njira yopewera ngoziyi ndi yodziwika: mankhwalawo amayamba asakanizidwa ndi mamililita 6 a madzi a jakisoni kuti mlingo wotunga ukhale 0.6, umene diso litha kuona. Koma kuidziwa njirayo m'kalasi ku Ekwendeni ndi nkhani ina, kuikumbukira 2 koloko ya usiku amayi atatu akubuula mu leba ndi nkhani inanso.

Jakisoni ali ngati madzi otayika, saoleka. Piritsi mutha kumlavulitsa mwana, koma mankhwala akalowa mumtsempha ndiye kuti apita. N'chifukwa chake mu Malichi 2017, mumzinda wa Bonn ku Germany, WHO inakhazikitsa ntchito yotchedwa Medication Without Harm, yofuna kuchepetsa ndi theka, m'zaka zisanu, kuvulala koopsa kobwera ndi kulakwitsa mankhwala. Bungweli linati kulakwitsa kotereku kumadyera dziko lapansi madola pafupifupi 42 biliyoni chaka chilichonse. Mwa njira zimene zatchuka chiyambire nthawi imeneyo, ina ndi yophunzitsa anamwino ndi virtual reality, imene ambiri amangoti VR. Wophunzira amavala chipangizo chonga magalasi aakulu ophimba maso, m'manja n'kugwira timakina tiwiri, ndipo amangopezeka ali mu wodi yojambulidwa ndi kompyuta. Atha kutsegula kabati, kuwerenga faelo, kutunga mankhwala, kubaya. Akalakwitsa, wodwala wa m'magalasiyo amasintha kapumidwe, amakomoka, mwinanso kutsirizika, koma palibe bokosi logula, palibe uthenga wopita kwa amfumu. Wophunzira amavula magalasi, n'kukambirana ndi mphunzitsi, n'kuyambiranso. Chida chimenechi n'choyenera kuchiyesa kumalo ngati Chintheche, koma phindu lake lonse lagona pamfundo imodzi: wodi imene namwino aione m'magalasimo ikhale wodi yathu, ndi phokoso lake, mdima wake ndi kuperewera kwake. Ikakhala wodi ya ku Boston, ndiye kuti tagula chidole chodula.

Chintheche ili makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa boma la Nkhata Bay, pamsewu wa M5, ndipo chipatala chake chimalandira odwala a m'midzi ya asodzi ndi ya alimi a chinangwa. Boma lonse linali ndi anthu pafupifupi 285,000 pa kalembera wa 2018. Kuno n'kotentha, mvula ndi yambiri, ndipo udzudzu sudziwa tchuthi. Nkhani ya mlingo wa mankhwala si yachilendo m'derali. Mu 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamukira ku Bandawe pothawa malungo a ku Cape Maclear, koma malungowo anawalondola, mpaka mu 1894 likulu lawo linakwera phiri kukakhala ku Khondowe. Manda a ena mwa iwo alipobe ku Bandawe. Chishango chawo chinali kwinini, komatu madokotala anadzazindikira kuti kumwa kwinini modukizadukiza kumayenda limodzi ndi nthenda yoopsa yokodzetsa mkodzo wakuda. Mankhwala omwewo ankapulumutsa, ankathanso kuvulaza, malingana ndi kaperekedwe.

Lero kwinini anagonja kwa artesunate pa malungo aakulu, makamaka kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010 ataonetsa kuti artesunate amachepetsa imfa za ana a mu Africa ndi 22.5 peresenti poyerekeza ndi kwinini. Koma artesunate amabwera ngati ufa, mamiligalamu 60 m'kabotolo. Namwino amayamba wausungunula ndi mililita imodzi ya sodium bicarbonate, kenako n'kuwonjezera madzi a mchere a diripi: mamililita 5 ngati akubaya mumtsempha, 2 okha ngati akubaya mumnofu. Mwana wosafika makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu, wamkulu amalandira 2.4. Mwana wa makilogalamu 12 afunika mamiligalamu 36, amene ndi mamililita 3.6 a kasakanizidwe koyamba kapena 1.8 a kachiwiri. Wosakaniza koyamba n'kutunga kachiwiri wapereka theka la mlingo, ndipo palibe belu lolira. Mwana akapanda kuchira tidzati malungo anakula kwambiri, kapena makolo anachedwa naye. Ku leba nakonso kuli masamu ake. Mayi woyembekezera amene wagwa khunyu chifukwa cha BP amayamba ndi magalamu 4 a magnesium sulphate mumtsempha ndi magalamu 5 kuthako lililonse. A mumtsemphawo amafunika kuwachepetsa mphamvu kuchoka pa 50 kufika pa 20 peresenti, kutanthauza mamililita 8 a mankhwala ndi 12 a madzi. Asanabaye mlingo wotsatira pakatha maola anayi, mzamba ayenera kuwerenga kapumidwe, kugogoda bondo, kuona kuchuluka kwa mkodzo, ndiponso kudziwa pamene pali calcium gluconate wotsitsimutsira mayiyo mankhwala akachuluka. Zonsezi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo sitepe iliyonse ili ndi dzenje lake.

Anamwino athu masamuwa amawaphunzira. Ku Mzuzu University, ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Ekwendeni, ku St John's ndi m'makoleji ena a CHAM, ophunzira amalemba mayeso a kawerengedwe ka mlingo ndipo amayeserera pa zidole asanakhudze munthu. Chosowa m'chipinda choyesereramo si nzeru, koma chipwirikiti. Chidole sichifuula. Gadiyani wa chidole sakoka namwino yunifolomu kuti diripi ya pabedi lina yatha, foni siilira, magetsi sazima. Chonsecho kafukufuku wina wodziwika, amene Johanna Westbrook ndi anzake anachita m'zipatala ziwiri za ku Sydney n'kumusindikiza mu 2010, anaona anamwino 98 akupereka mankhwala maulendo opitirira 4,000, ndipo anapeza kuti kusokonezedwa kulikonse kumakweza mpata wolakwitsa ndi pafupifupi 12 peresenti. Uko n'ku Australia, kumene namwino amasamala odwala owerengeka. Nanga mu wodi ya ana nthawi ya dzinja, bedi limodzi ana awiri? Apa ndi pamene VR imaposa chidole ndi choko. Itha kubweretsa gadiyani wolira pakati pa masamu a artesunate, kuzimitsa magetsi mzamba ali mkati motunga magnesium, kuika timabotolo tiwiri tofanana m'bokosi limodzi, n'kubwereza zimenezi kakhumi mpaka namwino atazolowera kunena kuti "Mayi, dikirani pang'ono nditsirize kaye," n'kuyambiranso kuwerenga. Mwana wa msodzi sayamba kupalasa bwato tsiku la mwera, amayambira m'mbali, pamene akagwa amangonyowa.

Umboni woti VR imathandiza ulipo, koma ndi wochepa kuposa mmene ogulitsa amanenera, ndipo tisadzinamize. Ku Lusaka, madokotala a University Teaching Hospital, pamodzi ndi akatswiri a Southern Methodist University ya ku America ndi King's College London, anapanga pulogalamu ya VR yophunzitsira opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero, imene anaifotokoza m'mabuku a zachipatala mu 2019. Anagwiritsa ntchito magalasi a Oculus Rift, a masewero wamba, ndipo chosangalatsa n'chakuti anajambula thiyeta yofanana ndi ya ku Zambia komweko. Ophunzira anayamba kugwira ntchito mwachangu ndi mwadongosolo m'kati mwa pulogalamuyo. Pafupi kwambiri ndi nkhani yathu ndi kafukufuku amene Dr Rachel Umoren ndi anzake anachita ku Lagos m'dziko la Nigeria ndi ku Busia m'dziko la Kenya, wosindikizidwa mu 2021. Anamwino ndi azamba 274 anaphunzitsidwa kutsitsimutsa makanda obadwa osapuma, kenako ena anapatsidwa VR ya pafoni yoti azikumbukirira, ena kanema, ena zowerenga chabe. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, luso linali litatsika m'magulu onse atatu, ndipo kusiyana kwa magulu kunali kochepa, kungoti a VR sanatsike kwambiri ngati anzawo. Phunziro lalikulu pamenepo si la magalasi ayi, ndi lakuti luso limauluka msanga ngati munthu salibwereza. Ku America, bungwe loyang'anira makhonsolo a anamwino linatsatira ophunzira oposa 600 m'masukulu khumi, ndipo mu 2014 linati kuyeserera kwabwino kutha kulowa m'malo mwa theka la maola a mu wodi, koma linaika malire: aphunzitsi akhale ophunzitsidwa, ndipo kukambirana kwa pambuyo pake kuchitike mwaluso. Kumeneko kunali kuyeserera kwa zidole ndi anthu ochita sewero, choncho wogulitsa magalasi asabwereke umboniwo ngati wake.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapulogalamu ambiri ogulitsidwa pamsika anapangidwira zipatala za kumpoto kwa dziko lapansi, kumene namwino amawalitsa kamakina pa chibangili cha wodwala, kompyuta n'kumuuza ngati mankhwala ndi olondola, ndipo pampu imawerenga yokha madontho a diripi. Namwino wa ku Chintheche amawerenga madonthowo ndi wotchi. Kumuphunzitsa kudalira makina amene sadzawaona n'kumulanda tcheru chimene ali nacho kale. Ndipotu makinawo sapulumutsa nthawi zonse. Mu Disembala 2017, pachipatala cha Vanderbilt mumzinda wa Nashville, namwino RaDonda Vaught anafuna mankhwala odekhetsa otchedwa Versed mu kabati ya kompyuta, analemba zilembo ziwiri zoyambirira, natulutsa vecuronium, woumitsa minofu yopumira. Wodwala anamwalira. Namwinoyo anaulula yekha, komabe mu Malichi 2022 khoti linamupeza wolakwa, ndipo anamwino ambiri anadandaula kuti chigamulocho chiphunzitsa anthu kubisa. M'mwezi womwewo WHO inachenjeza za ngozi ina imene ingagwe m'thiyeta iliyonse yochitira opaleshoni amayi: kabotolo ka tranexamic acid, woletsa kutaya magazi, kamafanana ndi ka bupivacaine wobaya pamsana, ndipo amayi amwalira chifukwa chosinthanitsa tiwiriti. Pulogalamu yotithandiza ife iyenera kujambula timabotolo tenitenito timene Central Medical Stores Trust imatumiza, amene maonekedwe ake amasintha wogulitsa akasintha. Iyenera kukhala ndi tsiku limene mankhwala olembedwa kulibe ndipo akilinikala alamula ena, tsiku limene oxytocin wagona kunja kwa firiji kutentha kwa mu Okutobala, ndi gadiyani wolankhula Chitonga chokhachokha kwa namwino wochokera ku Mulanje, akuzengereza kuulula kuti mayi wamwa kale mwanamphepo kunyumba.

Wina anena kuti dziko limene panado amatha m'chipatala lilibe ufulu wolota magalasi. Mawuwa ndi olemera, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chogula ndi dola chinasanduka phiri. Komabe tiwerenge bwino. Magalasi a Quest 2 anatuluka mu 2020 pamtengo wa madola 299, ndipo safuna kompyuta pambali. Ndalama yophunzitsira anamwino timaiwononga kale, ndipo anthu a ku Chintheche amadziwa bwino kumene imapita, chifukwa malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndiwo amalandira mawekishopu. Anthu makumi atatu, masiku asanu, holo, chakudya, mafuta a galimoto, maalawansi, ndipo sabata yonseyo wodi yatsala ndi namwino mmodzi kapena wa lokamu. Pobwerera amabwera ndi chikwama ndi satifiketi, ndipo mogwirizana ndi zimene anaona ku Lagos ndi ku Busia, luso limayamba kuuluka. Magalasi awiri kapena atatu oyenda ndi woyang'anira anamwino wa boma, lero Chintheche, sabata yamawa Kande, angapatse aliyense mphindi makumi awiri mwezi ndi mwezi osachoka pantchito. Chodula chenicheni si chipangizo, koma pulogalamu, pakuti makampani ambiri amalipiritsa chaka ndi chaka, ndi dola. Apo ndiye pofunika kukana. Tinene chilungamo: ena adzadana ndi njirayi osati chifukwa siphunzitsa, koma chifukwa ilibe alawansi, ndipo munthu wa malipiro ochepa sitingamuseke pa zimenezo.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti anamwino salakwitsa chifukwa cha umbuli, amalakwitsa chifukwa ndi ochepa ndiponso otopa. Wonena zimenezi wanena zoona, ndipo palibe magalasi angabereke namwino wachiwiri pa shifiti ya usiku. Lamulo loti mankhwala oopsa aziwerengedwa ndi anthu awiri limafa lokha pamene munthu ali yekha. Boma la Nkhata Bay linaona mu 2022, kolera atavuta kwambiri m'midzi ya asodzi, mmene ogwira ntchito ochepa amatambasukira mpaka kuduka. Mliriwo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Ngati VR idzakhala chowiringula cha boma polephera kulemba ntchito anamwino amene amaliza maphunziro ali pakhomo, ndi bwino isabwere. Koma namwino amene ali yekha usiku uno sangadikire bajeti ya chaka chamawa, ndipo ndi iyeyo amene akufunika kwambiri zizolowezi zimene zimagwira ntchito mutu utatopa: kuyeza sikelo asanawerengere, kulemba masamu papepala, kuwerenga kabotolo mokweza. Palinso phindu lina limene anthu saliganizira. Anamwino khumi akalakwitsa pamalo amodzimodzi m'magalasi, vuto si anamwinowo, ndi kakonzedwe ka kabati kapena kalembedwe ka fomu, ndipo matroni ali ndi umboni wopita nawo kwa akuluakulu popanda kudikira maliro.

Zina n'zazing'ono. Magalasi saphunzitsa zala kupeza mtsempha wa mwana wouma thupi, choncho chidole ndi wodi yeniyeni zikhalebe. Anthu ena amamva chizungulire akavala, ndiye nthawi izikhala yaifupi. Batire imatha pakapita maola awiri kapena atatu, koma sola ya pachipatala itha kuitchaja, bola pulogalamu izigwira ntchito popanda intaneti. Amene akukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, sangavomere chida chodalira ESCOM yokha.

Chovuta ndi umwini, ndiponso mantha. Zipatala zathu zili ndi zipinda zodzaza makina a opereka thandizo amene anafa pulojekiti itatha, chifukwa panalibe wodziwa kukonza. Koma dziko lino lili ndi chitsanzo china. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha kalandiridwe ka ana odwala kwambiri kuyambira mu 2001, kuphunzitsa ogwira ntchito kusankha msanga wofunika thandizo ndi kukonzanso malo olandirira. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa ana 100 kufika pa 6 mpaka 8, ndipo maphunziro a ETAT amene anakulira pamenepo anafalikira m'mayiko ambiri. Anatheka chifukwa anapangidwa ndi anthu ogwira ntchito mu wodi momwemo, ndipo maphunziro anayenda limodzi ndi kusintha kwa kagwiridwe ka ntchito. Nkhani za m'magalasi nazonso zilembedwe ndi anamwino ndi azamba a kuno, zijambulidwe ndi achinyamata a makompyuta a ku Mzuzu University kapena MUST, ndipo Nurses and Midwives Council of Malawi iziwerengere ngati mapointi a CPD, maphunziro opitiriza ali pantchito. Koma khonsoloyo isadzaone zotsatira za munthu payekha. Kompyuta imasunga chilichonse chimene wovala wachita, ndipo tsiku limene kulakwitsa kwa m'magalasi kudzalowe mu faelo ya munthu, onse adzayamba kusewera mochenjera, osaphunzira kanthu. Kwathu kuno wamng'ono safunsa wamkulu pagulu, ndipo namwino watsopano akaona mlingo wokayikitsa wolembedwa ndi adokotala amameza malovu. Chizolowezi chimenecho chimapha. Mphindi zofunika kwambiri ndi zija za pambuyo povula magalasi, pamene sisitala wa zaka makumi awiri pantchito anena pamaso pa wophunzira kuti "Inenso ndinasokoneza pamenepa," ndipo wophunzira ayeserera kunena kuti "Pepani adokotala, tawonaninso mlingowu."

Oyesa njirayi ku Chintheche asadzatiuze kuchuluka kwa anamwino amene anavala magalasi kapena amene anati zinawasangalatsa. Ayambe atenga mafaelo a ana ogonekedwa m'miyezi isanu ndi umodzi magalasi asanafike, awerenge kuti ndi angati analembedwa kulemera kwawo asanabayidwe artesunate, ndi angati analandira mlingo wogwirizana ndi kulemerako, ndi angati analandira wachiwiri pa maola 12 ndi wachitatu pa maola 24. Achite chimodzimodzi ndi gentamicin wa makanda ndi magnesium wa amayi, kenako adzawerengenso pakatha miyezi ina isanu ndi umodzi. Akapeza kuti malo olemba kulemera kwa mwana ndi opanda kanthu chifukwa sikelo ya mu wodi inatha mabatire, ndalama yoyamba ipite kwa mabatirewo.